Leni yapakati komanso kumamatira kumbuyo kwa anzathu: zomwe zinandichitikira pa M62

Ndinafika ku UK mu 2022 pa viza ya care, ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ngati ambiri a ife Amalawi okhala kuno, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditayendetsa galimoto zaka 14 kumudzi. Msewu wa Lilongwe kupita ku Blantyre ndinkauyenda mwina kawiri pamwezi chifukwa cha ntchito, usiku ndi masana, dzinja ndi chilimwe, osagundapo ngakhale nkhuku. Ndiye anzanga atandiuza kuti layisensi yaku Malawi amakulola kuyendera miyezi 12 kuchokera pomwe wakhazikika kuno, ine ndinangoti basi zatheka, nanga si kunonso amayenda kumanzere, chiwongolero kumanja, chovuta nchiyani pamenepa. Ndinagula ka Honda Jazz kakale ndikuyamba kuyenda. Ndimakhala ku Bradford koma ntchito ndinaipeza kufupi ndi Rochdale, ndiye tsiku lililonse ndimalowa misewu ikuluikulu yomwe amati motorway, M606 kenako M62, kudutsa mapiri a Pennines, mamailosi pafupifupi 30 kupita kokha.

Ndikulemba izi chifukwa ndakwerapo magalimoto a abale angapo omwe angofika kumene ndipo ndikuona akuchita ndendende zomwe ine ndinkachita, ndipo ukawauza amayankha momwe ine ndinkayankhira, kuti akulu ine ndayendetsa kalekale.

Kumudzi tonse tikudziwa kuti m'mphepete mwa msewu ndimomwe muli mavuto. Akabaza atasenza matumba atatu amakala, ana asukulu, mbuzi, phula lodyeka m'mbali loti ukangoponda tayala laphulika, minibasi kuima mwadzidzidzi kuti itsitse munthu. Ngakhale pa Chipembere Highway ku Blantyre pomwe pali maleni awiri mbali iliyonse, munthu woti akupita ku Limbe osaima amathawa leni yakumanzere chifukwa ndiyomwe maminibasi amaimaima. Ndiye thupi langa linaphunzira kuti kumanzere nkoopsa, ndipo sikuti linaphunzira zabodza ayi, kwathu ndi zoona. Nditalowa M62 ndinapeza maleni atatu, kumanzere malole ataliatali atandondozana ngati sitima, kumanja magalimoto othamanga ngati akuthawa nkhondo, ndiye mumtima ndinangoti leni yakumanzere ndi ya malole, yakumanja ndi ya othamanga, yapakatiyi ndiye ya ife anthu wamba. Ndinkalowa pa jankishoni 26, kulunjika pakati, kukhazikika pa mamailosi 58 kapena 60 pa ola, osasunthanso mpaka potulukira. Ndinkadziona ngati dalaivala wodekha, wosamala, woti sakuvutitsa munthu aliyense.

Koma tsiku lililonse panali wina wondimamatira kumbuyo. Ukayang'ana pagalasi ukungoona malaiti okhaokha, nambala puleti osaoneka chifukwa chakuyandikira. Ena kufulasha, ena kundidutsa kenako kubwerera kutsogolo kwanga modula ndikupita mpaka leni yakumanzere ngati akundisonyeza chinachake. Ine ndinkafika kuntchito mtima uli m'mwamba ndikumauza anzanga kuti anthu akuno ndi amwano pamsewu, mwinanso akuona kuti ndine munthu wakuda. Sindikukana kuti amwano alipo, alipo ndithu, ndipo kumamatira munthu kumbuyo nkulakwa kaya wakutsogoloyo walakwa chotani. Koma funso loti nanga bwanji zikuchitikira ine tsiku ndi tsiku sindinadzifunsepo.

Amene anandifunsa funso limeneli ndi wapolisi. Linali Lamulungu m'mawa mu November 2022, ndikuchokera ku shifiti yausiku, msewu uli mbee wopanda magalimoto, ine ndili pakati monga mwa masiku onse. Galimoto yapolisi inanditsata kwakanthawi ndithu ine osadandaula chifukwa sipidi inali bwino, kenako inandidutsa ndikuyatsa mawu kumbuyo kwake oti ndiitsate, mpaka tinakalowa pa Hartshead Moor services, malo opumirapo a m'mbali mwa msewu. Wapolisiyo anabwera mwaulemu, anaona layisensi, inshuwalansi, kenako anandifunsa kuti, bambo, mamailosi onse aja mwayenda pakati paja mumadutsa ndani? Ndinasowa choyankha. Ndinati ndimaona ngati kumanzere ndi kwa malole. Anapukusa mutu ndikundiuza kuti pa motorway palibe leni ya oyenda pang'onopang'ono kapena ya othamanga, leni yoyendamo ndi imodzi yokha, yakumanzere, zinazo ndi zodutsira basi, ukadutsa umabwerera. Zili mu Highway Code, buku la malamulo apamsewu akuno, pa lamulo 264. Anandiuzanso kuti kuyambira August 2013 apolisi ali ndi mphamvu yokulipiritsa £100 pompo ndi mapointi atatu achilango pa layisensi chifukwa chokakamira leni yapakati kapena kumamatira kumbuyo kwa mnzako, zonse ziwiri amaziwerenga ngati kuyendetsa mosasamala. Ine anangondichenjeza ndikundisiya, mwina poona yunifomu ndi maso ofiira atulo.

Chomwe chinanditsegula mutu kwambiri ndi zomwe anafotokoza za malole. Malole akuluakulu aja anawamanga kuti asapitirire mamailosi 56 pa ola, komanso saloledwa kulowa leni yakumanja kwenikweni pa motorway ya maleni atatu, chimodzimodzi galimoto iliyonse yokoka ngolo. Ndiye ine ndikakhala pakati pokwera phiri sipidi ndikutsika mpaka 54 osazindikira, lole yomwe ikufuna kudutsa inzake ilibe kolowera, yatsekeka ndi ine. Komanso munthu woyenda bwinobwino kumanzere pa 70 akandipeza, lamulo silimulola kundidutsira kumanzere, ndiye akuyenera kuwoloka maleni awiri kupita kumanja, kundidutsa, kuwolokanso awiri kubwerera. Kusintha leni kanayi chifukwa cha munthu mmodzi. Msewu wa maleni atatu ine ndinkausandutsa wa maleni awiri, aliyense wofuna kudutsa kumakapanikizana kumanja, ndipo kupanikizana kumeneko ndikomwe kumabala kumamatirana kuja. Ndinkadandaula utsi pomwe nkhuni ndinkasonkhezera ndine.

Kusintha sikunali kophweka, ndisaname. Kuyenda kumanzere kumafuna ntchito, umayenera kuyang'ana kutali, kuona lole ikadali patsogolo, kuyang'ana pagalasi, indiketa, kucheuka paphewa chifukwa pali malo ena galasi silionetsa, kutuluka, kudutsa, ndikubwerera ukaona lole yonse yakwana pagalasi lapakati. Pakati paja ndinkapakonda chifukwa sipafuna kuganiza, ndipo munthu wotopa ndi shifiti ya maola 12 safuna kuganiza. Sikuti uzichita kulowa ndikutuluka ngati nsomba ayi, ngati malole atandondozana pafupipafupi umapitiriza pakati mpaka uwamalize, palibe angakuimbe mlandu. Ine muyeso wanga ndi woti ngati ndikhala kumanzere masekondi oposa 15 kapena 20 ndisanapeze wina womudutsa, ndibwerere.

Miyezi 12 ija ili pafupi kutha ndinayenera kuyamba za layisensi yakuno. Anzathu aku Zimbabwe ndi South Africa amangosinthitsa zawo, ife aku Malawi ayi, umayamba ndi provisional, layisensi ya ophunzira, kulemba theory, kenako mayeso apamsewu. Ndinapeza mayi ena achikulire ophunzitsa galimoto, ndipo tsiku loyamba lomwe, tisanathe mphindi 10, anandiuza kuti manja anu ndi abwino koma mukuyandikira kwambiri galimoto yakutsogolo. Zinandiwawa chifukwa ine ndinkadziwa kuti omamatira ndi ena aja, osati ine. Koma anali kunena zoona, ndipo nazonso ndinachoka nazo kumudzi. Pa M1 yathu ija ukafuna kudutsa thiraki pokwera ku Dedza kapena ku Ntcheu umayenera kuimamatira, kusuzumira, kubwerera, kusuzumiranso, mpata ukangopezeka waponda. Mu tauni ukasiya mpata minibasi kapena sienta yalowapo kale. Ndiye kwa ine mpata wa magalimoto awiri kapena atatu unali waukulu zedi.

Mayi aja anandiphunzitsa kuwerenga masekondi. Galimoto yakutsogolo ikadutsa chikwangwani kapena mlatho, uyambe kuwerenga, ndipo usafike pamalo omwewo masekondi awiri asanakwane. Kukagwa mvula anayi, kukakhala ayezi mpata umafunika mpaka kuchulukitsa ka 10. Ine ndinapeza kuti kunena kuti "Lilongwe Blantyre, Lilongwe Mzuzu" mosathamanga kumakwana masekondi awiri, ndiye ndimanena zimenezo. Mu Highway Code muli tebulo lomwe tonse timaloweza pa theory kenako kuiwala, pa mamailosi 70 pa ola galimoto imafuna mamita 96 kuti iime, 21 amatha ubongo usanauze phazi kuti liponde, 75 ndi a buleki. Mamita 96 ndi pafupifupi bwalo lonse lampira, kuchoka pa golo iyi kufika golo inayo, ndipo pamenepo ndi pamsewu wouma, matayala abwino, dalaivala wosatopa. Pa sipidi imeneyo sekondi imodzi wayenda mamita 31. Pa ma motorway ena anajambula timivi toyera pansi motalikirana mamita 40 ndi chikwangwani choti siyani timivi tiwiri pakati panu, ukayesa kutsatira koyamba umaona ngati mpatawo ndi wopanda nzeru kukula kwake.

Mayeso ndinakhoza mu 2023. Koma dziwani kuti pa mayeso sakupititsani pa motorway, ndipo ngakhale kuyambira June 2018 ophunzira amaloledwa kuphunzirako ali ndi mphunzitsi wovomerezeka m'galimoto ya mabuleki awiri, ambiri sitipempha chifukwa ola lililonse ndi ndalama. Ine ndinawerenga masekondi mpaka tsiku lamayeso, nditatenga layisensi pang'ono ndi pang'ono ndinabwerera ku zakale. Za leni ndinasintha zenizeni, koma za mpata zinangokhala m'mutu, m'phazi sizinalowe.

Ngozi inachitika mu January 2024, cha m'ma 7 koloko madzulo, ndikupita ku shifiti. Ndinachedwa kunyamuka chifukwa mwana anali ndi malungo a chimfine ndipo mayi ake anali asanafike kuchokera kuntchito kwawo. Amene mumayenda M62 mukudziwa chigawo chija ukadutsa jankishoni 23, pomwe msewu umagawikana ndikusiya famu ya Stott Hall pakati, kenako kukwera mpaka ku Windy Hill pafupi ndi jankishoni 22, pamwamba penipeni pa ma motorway onse a ku England, mamita 372. Kumeneko nyengo imakhala yakeyake, ku Bradford kungakhale kowaza chabe koma kumtunda kuja mvula ikubwera chammbali ndi mphepo, malole akutulutsa nthunzi yamadzi yoti mawaipa sakukwanitsa. Ndinalowa leni yakumanja kuti ndidutse malole awiri omwe ankadutsana okhaokha, kutsogolo kwanga kunali galimoto yaing'ono yofiira, kumbuyo kunabwera vani yoyera ndikundimamatira, malaiti ake kudzaza galasi lonse.

Apa ndipomwe ndikufuna mumvetsetse chifukwa ndipomwe ndinalakwira. Munthu akakumamatira kumbuyo thupi limafuna kumuthawa. Sindinaganize kuti ndiyandikire galimoto yofiira ija ayi, phazi linangoponda lokha kuti mwina wavaniyo aone kuti si ine ndikumuchedwetsa. Maso anga anali pagalasi kuposa kutsogolo, mumtima ndikumutukwana. Nditabweza maso kutsogolo ndinangoona kufiira kokhakokha, mabuleki a magalimoto onse atayaka. Ndinaponda ndi mphamvu zonse, buleki ikunjenjemera pansi pa phazi, galimoto ikutsetsereka pamadzi, ndikuona galimoto yofiira ikukula ikukula mpaka phokoso. Sipidi inali itatsika kwambiri pofika pogundapo, mwina 15 kapena 20, koma phokoso lake sindidzaliiwala. Vani ija Mulungu yekha akudziwa inaima bwanji, inatsala pang'ono kundipana, ndipo magalimoto atayamba kusuntha inangokhota ndikupita.

Tinali leni yakumanja, mumdima, mumvula, magalimoto awiri ophwanyika. Dalaivala wa lole yomwe inali pakati anayatsa mahazadi ndikuima, mnzake wakumanzere nayenso anaima, anatitsekera msewu wonse ndikutifulashira kuti tiwoloke kupita m'mphepete, mwamwayi chigawo chimenecho chili ndi hard shoulder, kaleni kam'mphepete koimapo pakagwa vuto, ndipo magalimoto onse awiri ankatha kuyenda. Anthu amenewo sindikuwadziwa, nkhope zawo sindinazione, koma ndi omwe aja ndinkawatsekereza pakati miyezi yonse ija.

M'galimoto yofiira munatuluka mayi wachitsikana, sanayang'ane bampala, sanayang'ane ine, anathamangira chitseko chakumbuyo chakumanzere. Munali mwana wazaka ngati ziwiri pampando wake wa ana, akulira. Msinkhu womwewo wa mwana wanga yemwe ndinamusiya kunyumba akutentha thupi. Mayiyo anamunyamula, tinawoloka chitsulo cham'mphepete ndikukaima paudzu kuseri kwake, mphepo ikuomba yoti mano kugundana, iye akunjenjemera osayankhula kanthu. Bola akanandikalipira. Ndinavula jekete ndikumupatsa kuti afunditse mwana, analandira koma osandiyang'ana. Ndinkangobwereza kuti pepani, pepani. Mwanayo sanavulale, ambulansi inamuyeza ndikupeza kuti ali bwino, mayi ake khosi linawawa masabata angapo malinga ndi zomwe a inshuwalansi anandiuza pambuyo pake.

Apolisi anandipumitsa mukachipangizo kamowa, zinali bwino. Ndinayamba kufotokoza za vani ija, kuti ndi imene inandipanikiza, wapolisiyo anamvetsera mpaka ndinamaliza kenako anangoti, koma amene wagunda galimoto yakutsogolo ndi inu. Ndinali ndi dashcam, kamera ya m'galimoto, ndipo kunyumba ndinaonera kanemayo kambirimbiri kufuna kupeza poti ndidziikire kumbuyo. Ndinayesa kuwerenga, galimoto yofiira ikudutsa kachikwangwani, ine kuyamba "Lilongwe Bla", ndafika kale. Sekondi imodzi osakwana, pamsewu wonyowa pomwe pamafunika anayi. Ndikanasiya anayiwo ndikanaima bwinobwino, ndipo ndikanaima mofatsa moti ngakhale wavani uja akanakhala ndi nthawi yokwanira.

Mantha ena anali a layisensi. Ambiri sadziwa kuti ukangokhoza mayeso kuno, zaka ziwiri zoyambirira mapointi 6 okha akwana kuti layisensi ilandidwe, ubwererenso ku provisional, theory ndi mayeso apamsewu, zaka 14 zakumudzi zija sawerengera. Mlandu woyendetsa mosasamala ukapita kukhoti umatha kubweretsa mapointi kuyambira 3 mpaka 9. Kwa munthu wa care woti ntchito ili kutsidya kwa mapiri, kapena amene mumayendera makasitomala m'makomo, layisensi ndiye ntchito, ntchito ndiye viza. Ndinakhala masabata osagona bwino mpaka kalata inabwera yondipatsa mwayi wokachita kosi ya tsiku limodzi m'malo mwa mapointi, yolipira ndekha. Ka Jazz kaja a inshuwalansi anati kukonza kwake kukuposa mtengo wake ndiye kanathera pomwepo, anandidula £450 ya excess, gawo lomwe umalipira wekha, ndipo pokonzanso inshuwalansi chaka chotsatira inachoka pa £1,100 kufika pafupifupi £1,900. Miyezi itatu sindinatumize kalikonse kumudzi, fizi ya mlongo wanga ndinachita kukongola kwa achimwene ena akutchalitchi.

Pano wina akandimamatira ndimachita zosiyana ndi zomwe thupi likufuna. Ndimachotsa phazi pang'onopang'ono kuti mpata wakutsogolo ukule, chifukwa tsopano ndikusungira mpata anthu awiri, ine ndi iyeyo, kuti kutsogolo kukachitika kanthu ndisaponde buleki mwadzidzidzi. Kenako mpata ukapezeka kumanzere ndimalowa ndikumusiya apite. Zogunda buleki dala kuti umuopseze, abale musayerekeze, ndamvapo anyamata akudzitama nazo koma pa 70 mukusewera ndi miyoyo ya anthu omwe sakudziwa nkomwe za mkangano wanuwo, ndipo makamera ali m'magalimoto ambiri masiku ano, mlandu udzakhala wanu. Komanso maganizo oti ine ndili pa 70 yeniyeni ndiye sindisuntha, akufuna aphwanye lamulo, ndinawasiya. Sipidomita yagalimoto nthawi zambiri imaonetsa pamwamba pang'ono kuposa sipidi yeniyeni, komanso ntchito yogwira othamanga si yanga. Amene akuthamangayo bola akhale kutsogolo kwanga komwe ndikumuona kusiyana ndi kumbuyo.

Mpata ukausiya anthu amalowapo, zoona, ndipo poyamba zimapweteka mtima ngati akukubera. Ndinayesa kuwerenga tsiku lina kuchoka ku Bradford mpaka kuntchito, analowa magalimoto 7. Aliyense ananditengera masekondi awiri kapena atatu. Ulendo wonse sindinataye ngakhale theka la mphindi.

Pali tina ting'onoting'ono tomwe kumudzi timatanthauza china kuno china. Kwathu thiraki ikayatsa indiketa yakumanja ndiye kuti usadutse kukubwera galimoto, ikayatsa yakumanzere ndiye kuti dutsa. Kuno indiketa ikutanthauza chinthu chimodzi basi, kuti ndikupita mbali imeneyo, ndiye mukayatsa yakumanzere pofuna kuuza munthu kuti adutse iye aganiza kuti mukutuluka kapena mukuima. Mahazadi kwathu timayatsa mvula ikakula kapena podutsa pamphambano molunjika, kuno pa motorway umayatsa kwakanthawi kochepa ukaona kutsogolo magalimoto aima mwadzidzidzi, kuchenjeza akumbuyo, ndipo usiku uja wina akanayatsa msanga mwina maso anga akanabwerera msanga. Kufulasha malaiti lamulo limati nkongodziwitsa kuti ndilipo, koma anthu amagwiritsa ntchito pouza mnzawo kuti lowani, makamaka malole, lole ikamaliza kudutsa inzake yakumbuyo imafulasha kuti wakwana bwerera, inayo ndikuthokoza ndi maindiketa uku ndi uku. Wina akakufulashirani kuti mulowe yang'ananibe nokha, chifukwa mwina akufulashira wina. Ndipo akakupatsani mpata kwezani dzanja, kuno amaziwerengera kwambiri zimenezo.

Polowa motorway napo ndinkalakwitsa. Kanjira kolowera kaja ndi kotengera sipidi, ufike kumapeto uli pa sipidi ya magalimoto omwe ali kumanzere, osati kufika pa 35 ndikuima kudikira ngati uli pa mphambano ya ku Area 25. Amene ali kale mumsewu ndiye ali ndi ufulu, koma ukakhala iwe uli kumanzere ndikuona wina akubwera kudzalowa, ngati pakati pali mpata sunthira komweko umupatse malo, ukamudutsa ubwerere. Potuluka pali zikwangwani zitatu za timizere, mayadi 300, 200, 100, ukhale uli kumanzere kale usanazifike, ukaphonya pita ukatulukire jankishoni yotsatira. Ndinaonapo munthu akudula maleni atatu pa jankishoni 24 kuti asaphonye, lole inachita kufuka utsi m'matayala.

Chigawo cha M62 cha kufupi ndi Bradford ndi Leeds ndi chija amati smart motorway, cha zikwangwani zamagetsi pamwamba. X wofiira akayaka pamwamba pa leni ndiye kuti yatsekedwa, mwina muli galimoto yofa kapena anthu akugwira ntchito, ndipo kuyendamo ndi £100 ndi mapointi atatu, makamera amajambula. Boma linaimitsa kumanga zatsopano zotere mu April 2023 koma zomwe zilipo zikugwirabe ntchito. Ndikudziwa abale ena amati amakakamira pakati chifukwa kumanzere kopanda hard shoulder akuopa kupeza galimoto itaima, mantha amenewo ndimawamva ndithu, inenso ndimakhala tcheru kwambiri m'zigawo zimenezo. Koma chomwe chingakupulumutse pamenepo ndi kuona patali, ndipo sungaone patali utamamatira kumbuyo kwa lole.

Ma dual carriageway, misewu ya A ija yokhala ndi chotchinga pakati ngati A64 yopita ku York, galimoto wamba ndi 70 yomweyo pokhapokha zikwangwani zitanena zina, koma ine ndimaiopa kuposa motorway. Mumapezeka mathirakitala, njinga, ma roundabout, tinjira tolowera tatifupi, ndipo m'malo ena leni yakumanja ndi yomwenso anthu okhotera kumanja amachepetsera sipidi. Ukakhala wamamatira munthu kumanja pa 70 iye ndikuyatsa indiketa yokhota, ulibe kothawira. Amene mumayendetsa mavani a delivery onetsetsani, mavani ambiri malire awo pa dual carriageway ndi 60 osati 70, anzathu angapo alandira makalata chifukwa chosadziwa zimenezi.

Za kutopa sindingasiye osanena chifukwa ambiri a ife ndi a mashifiti. Ndinazindikira kuti masiku omwe ndatopa kwambiri ndi omwe ndimapezeka ndayandikira galimoto yakutsogolo, maso amangogwira malaiti ake ofiira ndikumawatsata ngati ng'ombe pa ngolo, ubongo utagona. Ndikangodzipeza ndikuchita zimenezo ndimadziwa kuti yakwana nthawi yolowa pa services, khofi, kutseka maso mphindi 15. Ndipo ndikachedwa kunyamuka ndimaimba foni kuntchito ndisanalize galimoto kuti ndifika mochedwa, akadandaule, ndikangotero phazi limafatsa lokha.

Chaka chatha ndinapita kumudzi koyamba chichokereni, ndinabwereka galimoto ya achimwene anga kuchoka ku Lilongwe kupita kwathu ku Ntcheu, iwo atakhala pambali. Titadutsa Nathenje tinapeza thiraki, ine ndinatsalira kumbuyo ndikuyamba kuwerenga chamumtima, achimwene akuti iwe ukusiyiranji mpata wonsewu, alowapo anthu apa. Minibasi inalowadi, kenako sienta. Koma ndinaona chinthu chomwe zaka 14 zija sindinachionepo, kuti ukatsalira kumbuyo msewu wakutsogolo kwa thiraki umaoneka wonse osachita kusuzumira, ndipo podutsa umayamba kutenga sipidi uli mbali yako. Pa Linthipe mbuzi zinadumphira mumsewu, thiraki inaponda buleki, sienta ija inachita kuthawira kudothi, ife tinangochepetsa bwinobwino. Achimwene sanayankhulepo kanthu, anangotsitsa galasi ndikuyang'ana mbuzizo. Pobwerera anayendetsa ndi iwo, ndipo anamamatira thiraki iliyonse mpaka ku Lilongwe, ine phazi langa likuponda buleki yomwe kulibe mbali yangayo, m'maso muli galimoto yofiira ija.